Mpope wokweza madzi kuphiri popanda magetsi ulipodi

Achimwene, mwafunsa ngati kanema uja wa mpope wokankha madzi kumtunda popanda magetsi, mafuta kapena sola ndi woona, kapena pali injini yobisika penapake. Mpope wotere ulipodi, ndipo si wa lero. Amautcha hydraulic ram. John Whitehurst wa ku England anapanga woyamba mu 1772, koma unkafuna munthu woti azitsegula ndi kutseka mpopi. Mu 1796 Joseph Montgolfier wa ku France, yemwe uja anaulutsa chibaluni cha mpweya wotentha pamodzi ndi mng'ono wake, anaukonza kuti uzidziyendetsa wokha.

Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti ziwalo zoyenda zilimo ziwiri zokha, mavavu awiri basi, tizitseko totsegula ndi kutseka njira ya madzi. Madzi amatsika m'paipi kuchokera pa kasupe kapena mtsinje umene uli chakumtunda pang'ono. Kumapeto kwa paipiyo kuli vavu yotseguka, ndiye madzi amayamba n'kutayika. Liwiro likakula, madziwo amakankha vavu ija n'kuitseka mwadzidzidzi, phaa! Tsono madzi amene anali pa liwiro alowera kuti? Munamvapo paipi ikugunda m'khoma mukatseka mpopi mofulumira? Nkhonya yake ndi yomweyo. Imatsegula vavu yachiwiri, madzi pang'ono n'kulowa m'kathanki kokhala ndi mpweya. Mpweyawo ukapanikizika umawakankhira m'paipi yokwera phiri. Mphamvu ikangotsika, vavu yachiwiri imatseka, yoyamba imagwa n'kutsegukanso, zonse n'kuyambiranso. Gu, gu, gu, usana ndi usiku, zaka n'zaka.

Koma mphamvuyo siyaulere ayi. Madzi ambiri amatayikira pansi pomwepo kuti ochepa akwere, ndipo mukafuna kuti afike patali kwambiri kumtunda, ofikawo amachepanso.

Ngati zimenezi zakusangalatsani, kafufuzeninso Falkirk Wheel ya ku Scotland, yomwe inatsegulidwa mu 2002. Kumeneko kuli ngalande ziwiri zoyendamo maboti, Union Canal kumtunda ndi Forth and Clyde Canal kumunsi. Kale boti linkadutsa m'madziwe 11 a zitseko, kukwera pang'onopang'ono ngati masitepe, pafupifupi tsiku lathunthu. Madziwewo anawaphwasula mu 1933. Lero pali chigudumu chachitsulo chotalika mamita 35, chokhala ndi mabafa awiri akuluakulu odzaza madzi, lina pamwamba lina pansi. Boti limalowa m'bafa, zitseko n'kutsekedwa, gudumu n'kuzungulira theka, ndipo m'mphindi zochepa botilo lakwera mamita 24.

Nzeru yagona apa: boti likalowa, limatulutsa madzi olemera ndendende ngati ilo lomwe, monga anafotokozera Archimedes, katswiri wa masamu wachigiriki, kalekale. Choncho kaya bafa lili ndi maboti awiri, kaya mulibe n'limodzi lomwe, kulemera kwake sikusintha. Mbali ziwirizo zimakhala ngati sikelo yolingana, yotsika ikukweza inzake. Ndiye chifukwa chake chinthu cha matani mazanamazana chimatembenuka ndi magetsi okwana 1.5 kWh okha, ofanana ndi kuwiritsa madzi m'maketulo 8. Nditamva koyamba ndinachita kuwerenga kawiri. Palinso magiya amene amaonetsetsa kuti mabafawo asapendekeke gudumu likamazungulira, moti anthu a m'boti amangokhala phee, n'kumaona dziko likutsika.

Ku Devon, ku England, kuli kasitima ka pakati pa Lynton ndi Lynmouth koyenda ndi madzi kuyambira 1890. Mabogi awiri omangidwa ku zingwe zachitsulo, iliyonse ili ndi thanki ya madzi pansi pake. Ya kumunsi ikataya madzi, ya kumtunda imalemera kuposa inzakeyo n'kutsika, uku ikukoka inzake.

Tibwerere ku kanema wanu uja. Muoneninso bwinobwino, ndipo muyang'ane zinthu zitatu. Paipi yobweretsa madzi ikuchokera pamalo okwera kuposa pomwe pali mpopewo? Pansi pakutayika madzi ambiri? Mukumva kugunda kobwerezabwereza? Zikakhalapo zonsezi, ndi ram yeniyeni. Koma alipo makanema ena oonetsa mpope ukukoka madzi m'chitsime kapena m'dziwe la madzi odikha, wopanda dontho lotayika, eni ake n'kumati ukuyenda wokha mpaka kalekale. Amenewo musawakhulupirire, pali waya kapena batire pomwe kamera sikuloza.