Funsani Ankolo: Tikufuna tikagone kuchipululu, titenge chani?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, yokagona mutenti kuchipululu, ndiye ndasankhapo asanu. Ena ndawadula pang'ono poti anatalika.

FUNSO: Ankolo, ine ndili ku Joni kuno, ndimayendetsa galimoto. Ine ndi anzanga atatu, tonse akumudzi, tapangana kuti holide ya Disembala ino tisapite kwathu poti ndalama ya basi ndi katundu yakwera, mmalo mwake tikaone malo aja amati Kgalagadi omwe abwana anga sasiya kuwatchula. Tili ndi pikapu ya mnzathu koma si 4x4, tenti tabwereka. Tingafike? Nanga madzi titenge ochuluka bwanji? Ndine mnyamata wa ku Mangochi.

YANKHO: Achimwene, kufika mufika, koma mwezi mwasankhawo ndi umene wandidetsa nkhawa. Tiyambe ndi njira. Kgalagadi Transfrontier Park ili muchipululu cha Kalahari, mbali ina ku South Africa mbali ina ku Botswana, anaiphatikiza mu 2000 kuchokera ku mapaki awiri ndipo kukula kwake kumaposa chigawo chonse cha kummwera kwathu kuno. Kuchoka ku Johannesburg mutsata N14 mpaka Upington, makilomita pafupifupi 800, kenako ena ngati 250 kukafika pa geti la Twee Rivieren. Mpaka pamenepo ndi tala. Mukangolowa tala yatha, misewu imatsata mitsinje iwiri youma, Nossob ndi Auob, ndipo ndi mchenga ndi tizitunda tating'onoting'ono togwedeza galimoto mpaka mano kugundana. Pikapu yokwera bwino ikafika ku makampu atatu akuluakulu, Twee Rivieren, Mata-Mata ndi Nossob, onse ali ndi mpanda, kashopu ndi pothira mafuta. Za mbali ya Botswana monga Mabuasehube muiwale kaye, kumeneko popanda 4x4 sakulolani.

Disembala kumeneko masana kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo mphepo yake ndi youma moti thukuta limauma lisanaoneke, munthu umangoona ngati uli bwinobwino pamene madzi mthupi akutha. Ndikanakhala ine ndikanadikira pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ngakhale nthawi imeneyo usiku kumazizira mpaka madzi kuundana mchigubu, ndiye kumafunika mabulangete enieni ndi chipewa. Koma ndikudziwa holide ya ku Joni ndi Disembala basi, ndiye muzidzuka geti likamatsegulidwa, yendani mpaka cha mma 10, masana onse khalani pamthunzi, mudzatulukenso cha mma 4. Nyama nazo masana zimangogona pansi pa mitengo, palibe chimene muphonye.

Madzi tsopano. Werengani malita 5 pa munthu pa tsiku, akumwa okha, osaphatikiza ophikira ndi otsukira mbale. Anthu anayi masiku anayi ndi malita 80, onjezani a masiku awiri ongosungira galimoto ikafa, akwana 120, ndiye zigubu 6 za malita 20. Musathire mu dilamu limodzi, likabooka ndi kugwedezeka kuja mwataya onse kamodzi. Madzi a mmipopi ya mmakampumo ali ndi kamchere, kusamba ali bho koma kumwa ambiri amawakana. Ndipo mowa sitiwerengera ngati madzi achimwene, ndikudziwa kula bokosi idzadzadza, imwani madzulo mutafika pakampu koma masana ayi, umakukodzetsa madzi omwe ukuwafunawo. Muziyang'ana mkodzo, ukayamba kuoneka wachikasu kwambiri komanso wochepa ndiye kuti mwatsalira kumwa. Tengani mapaketi a Thanzi kapena ORS wina aliyense, akasowa sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi. Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira, thupi kutentha ngati moto, musamuseke kuti waledzera, mugonekeni pamthunzi, mthireni madzi thupi lonse, mukupizeni, ndipo thamangirani kwa ogwira ntchito pakampu.

Matayala phwetsani afike cha pa 1.6 bar mukalowa, galimoto imayenda bwino pamchenga ndipo simuononga msewu, koma tengani pampu yoti mudzapopenso potuluka. Liwiro ndi 50 basi, ndiye makilomita 160 ochoka ku Twee Rivieren kukafika ku Nossob musawaone ngati pafupi, ndi ulendo wa maola anayi kapena kuposa. Chomaliza, malo ogona bukitsani pasadakhale ku SANParks, bungwe loyang'anira mapaki ku South Africa, amadzadza miyezi yambiri nthawi isanakwane, mukangopita mwachimbulimbuli mukabwerera pageti.

FUNSO: Ankolo, amuna anga anagula 4x4 ndiye mutu wawazungulira, akufuna tikagone ndi ana malo opanda mpanda ku Botswana komwe akuti mikango imadutsa pakhomo pa tenti. Ana ndi a zaka 6 ndi 9. Ine ndakana, iwo akuti ndine wamantha. Ndani akulondola? Mayi wa ku Lilongwe, pano tili ku Gaborone.

YANKHO: Mayi, za mikangozo abambo sakunama. Ku Mabuasehube, Rooiputs ndi Polentswa kulibe mpanda, malo ambiri ndi kamthunzi kamatabwa ndi chimbudzi chokumba basi, ndipo mikango ya ku Kalahari, yamphongo yake ya manyenje akuda ija, imabweradi, nthawi zina kudzagona pamthunzi womwewo munthu unauwerengera. Anthu ambiri amagonako n'kubwerako bwinobwino chifukwa amatsata malamulo ake: zipi ya tenti yotseka nthawi zonse, osagona panja ngakhale kutenthe bwanji, kukada onse pafupi ndi galimoto, usiku osapita kuchimbudzi koma kukhala ndi kandowa mutenti momwemo, chakudya ndi zinyalala kutsekera mgalimoto, nsapato osasiya panja poti afisi ndi nkhandwe amatafuna chilichonse chonunkha thukuta. Mkango ukatulukira suthamanga, umabwerera chambuyo pang'onopang'ono n'kulowa mgalimoto.

Ndiye funso ndi lakuti, mwana wa zaka 6 angakwanitse zimenezo masiku atatu osaiwala ngakhale kamodzi? Mwana amathamanga, amakuwa, ndi wamfupi, zonse zimene zimakopa chilombo. Mbali ya South Africa makampu ang'onoang'ono opanda mpanda salola ana osakwana zaka 12, ndipo sanangolota lamulo limenelo. Ine ndili mbali yanu. Auzeni abambo kuti ulendo uno mukagone ku Nossob komwe kuli mpanda, mikango mukaimva usiku ikubangula mpaka pachifuwa kunjenjemera, ana akasangalala, inu mukagona tulo. Zopanda mpandazo apite ndi anzawo, magalimoto awiri.

Komanso chimene ine ndimaopa kwambiri kwa ana si mkango, ndi chinkhanira. Kumeneko kuli za mchira wonenepa ndi timanja tating'ono, zimenezo ndiye zoopsa, zimatha kupha mwana, ndipo zimayendayenda kwambiri usiku wotentha kukamaomba mphepo. Dzuwa likangolowa aliyense nsapato zotseka, osati mapatapata, tochi mmanja, mmawa kukutumula nsapato musanavale ndi kuyang'ana pansi pa tenti popinda. Mwana akalumidwa musadikire kuti tione kaye, nyamukani kuchipatala.

FUNSO: Ankolo tithandizeni mkangano. Galimoto ikafa pakati pa chipululu, foni yopanda netiweki, chabwino n'chiyani, kukhala pomwepo kapena mmodzi ayende akafune thandizo? Ine ndikuti mwamuna sangangokhala. Wa ku Zingwangwa.

YANKHO: Aise, khala pagalimoto. Mkangano watha. Galimoto ili ndi mthunzi, madzi ako ali momwemo, ili ndi hutala ndi magalasi ophanimitsira dzuwa, ndipo ofufuza kaya ali pandege kaya pamsewu amaona galimoto msanga kusiyana ndi kamunthu koyenda pakati pa mchenga. Nkhani zambiri za anthu ofera kuchipululu zimafanana, galimoto imapezeka kaye, mwini wake n'kudzapezeka pambuyo pake makilomita angapo kutsogolo. Munthu ukamayenda padzuwa lija thukuta limatha kukudyera lita yathunthu pa ola limodzi, ndipo madzi amene unganyamule pamanja sangakufikitse kutali, kuonjezera apo milu ya mchenga imafanana yonse, ukatembenuka kawiri sudziwanso komwe wachokera. Mupaki ngati Kgalagadi kutsika n'kumayenda ndi kuphwanyanso lamulo, pajatu kuli zilombo.

Koma kukhala pagalimoto kumathandiza ngati pali wina akudziwa kuti sunafike. Ndiye ntchito yeniyeni imagwiridwa usananyamuke: uza munthu wodalirika njira yako, tsiku lotuluka, ndi tsiku loti ayambe kukuwa ukapanda kuimba. Ukanena njira usasinthe pakati chifukwa waona kamsewu kokongola. Ku makampu a Kgalagadi mbali ya South Africa ali ndi dongosolo labwino, potuluka mmawa umatenga pemiti yako n'kunena komwe ukulowera, madzulo umaibweza, ikasowa amadziwa kuti wina watsala kunja. Netiweki imapezeka cha ku Twee Rivieren, mkatimo iwalani, ndiye opita kutali amabwereka foni ya satelaiti ndipo mapu amakhala nawo apepala, osangodalira a mufoni.

Podikirapo, tsegula boneti kuti odutsa adziwe kuti pali vuto, manga nsalu kapena tenti mbali ya galimoto upeze mthunzi poti mkati masana mumasanduka uvuni, usavule malaya, ntchito yokumba kapena kusintha tayala igwire mmawa kapena madzulo. Madzi uzimwa, osamangowasunga uku mutu ukuzungulira. Ngati kwangokhala kutitimira mumchenga, siya kuponda mafuta poti ukungodzikumbira dzenje, phwetsanso matayala, chotsa mchenga kutsogolo kwa matayala ndi fosholo, yala mamati a mgalimoto, tuluka pang'onopang'ono. Ndipo kukagwa mvula udzu ukatalika, uziima n'kuchotsa udzu wokodwa kunsi pafupi ndi ekizozi komanso njere zake pa ladiyeta, magalimoto amapsa nazo zimenezi.

FUNSO: Ankolo, ine Sapitwa ndinakwera, Nyika ndinayenda. Tsopano ndikufuna Fish River Canyon ku Namibia, ndekha, mu Okutobala. Ndiyambire pati? Mtsikana wa ku Mulanje.

YANKHO: Achemwali, miyendo muli nayo, koma pulani yanuyo yagwa pawiri. Ulendowu amatsegula kuyambira 1 Meyi mpaka 15 Seputembala basi, miyezi yotsalayo kuchigwako kumatentha moopsa komanso madzi osefukira amatha kubwera mwadzidzidzi. Ndipo nokha sakulolani, pamafunika anthu osachepera atatu, aliyense ndi kalata ya dokotala yaposachedwa yonena kuti ali bwino. Kubukitsa ndi ku Namibia Wildlife Resorts, kampani yoyendetsa malo ogona mmapaki a dzikolo, chitani msanga poti amalola anthu ochepa pa tsiku. Mumayambira cha ku Hobas, kutsetsereka pafupifupi mamita 500 tsiku loyamba, pamenepo ndi pamene mawondo amalira, kenako makilomita ngati 85 a miyala, mchenga ndi kuoloka mtsinje, masiku anayi kapena asanu, kukathera ku akasupe otentha a Ai-Ais.

Kusiyana kwake ndi kwanu ndi uku: ku Mulanje kuli tinyumba togona, alonda, onyamula katundu ndi timitsinje ta madzi ozizira paliponse. Uku kulibe kanyumba ngakhale kamodzi, zonse zili pamsana panu, ndipo mukatsika njira zotulukira mwangozi ndi zochepa kwambiri. Madzi ndi a mmaiwe a mtsinjewo, muziwasefa kapena kuthira mapilitsi oyeretsera, ndipo chaka cha chilala maiwewo amatalikirana, ndiye funsani mmene madzi alili musananyamuke. Yambani pano kuyeserera ndi chikwama cholemera, nsapato zikhale zoti mwaziyendera kale.

FUNSO: Nsima tingaphike kuchipululuko? Nkhuni tikatola konko eti? Bambo wa ku Kasungu.

YANKHO: Nsima phikani bambo, ufa sulemera ndipo suonongeka, ndi usipa wouma kapena soya mwathana nazo popanda filiji. Koma nkhuni ayi, kutola n'koletsedwa mmapaki amenewa. Mtengo wa kuchipululu umakula mochedwa kwambiri, ndipo chikuni chogwa chija ndi nyumba ya abuluzi, tizilombo ndi zinkhanira zomwe, mukachinyamula ndi manja mudziwanso. Gulani nkhuni kapena makala musanalowe kapena pashopu ya pakampu, koma chophikira chenicheni chikhale kasitovu ka gasi, ndipo kabisireni kumphepo apo ayi madzi sawira. Poto wa nsima mukangomaliza thiranimo madzi pang'ono, mawa mkute wa mmbalimo uchoka osataya madzi ambiri. Mukamadutsa ku Botswana dziwaninso kuti kuli mageti a zachipatala cha ziweto oletsa kudutsa ndi nyama yaiwisi chifukwa cha matenda a zilonda za mkamwa ndi mmapazi a ng'ombe, ndiye musagule nyama yambiri musanafunse kuti njira yanu ikudutsa pati. Zinyalala zonse, zitini ndi mabotolo omwe, mubwerere nazo.