Kodi Mulungu amayang'ana chani mwa munthu woti atsogolere? Yankho kwa m'bale amene wandilembera

Pa maimelo omwe ndalandira posachedwapa pali imodzi yomwe ndaona kuti ndiyankhe poyera, chifukwa ndikudziwa kuti si m'baleyu yekha amene nkhaniyi ikumusowetsa tulo. Dzina sinditchula. Mwachidule akuti kumpingo kwawo kukubwera chisankho cha akulu ampingo ndipo dzina lawo laperekedwa, koma mtima suli m'malo. Akuti kulankhula pagulu sadziwa, sukulu sanapite nayo patali, komanso kale anali munthu wa mowa ndipo ambiri mumpingomo mbiri imeneyo akuidziwa. Amene akupikisana naye ndi wophunzira, akagwira maiki mpingo wonse umachita kutakasuka. Funso lawo ndi lakuti Mulungu amafuna zotani mwa mtsogoleri, nanga iwo akane kapena avomere?

M'bale wanga, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ngati imeneyi. Aliyense amene mungamufunse akuthamangitsirani ku 1 Samueli 16:7, paja Mulungu anauza Samueli kuti munthu amayang'ana zooneka ndi maso koma Iye amayang'ana mumtima. Ndi zoona ndithu. Samueli atafika ku Betelehemu kukadzoza mfumu yatsopano anangoona Eliyabu, mwana wamkulu wa Jese, wamtali wooneka bwino, mumtima nkuti basi ndi ameneyu, Mulungu nkumukana. Anadutsa ana 7 onse ayi, mpaka kukaitana wamng'ono uja, Davide, amene anali kubusa ndi nkhosa, amene bambo ake sanaganizeko nkomwe zoti akhalepo. Koma vuto lathu timangothera pomwepo, timati Mulungu amaona mtima ngati tamaliza nkhani, osafunsa kuti mumtimamo amaonamo chani. Komanso pa vesi 12 pomwepo akutiuza kuti Davide nayenso anali wooneka bwino, ndiye mnzanu wodziwa kulankhulayo musayambe kumukayikira chifukwa cha mphatso yake, mphatso si tchimo.

Mmene ine ndimaonera, kuti timvetse chimene Mulungu anakonda mwa Davide tiyambe taona chimene anakana mwa Sauli. Sauli sanayambe moipa ayi. Anali wamtali kuposa aliyense mu Israeli koma tsiku lomuonetsa kwa anthu anakabisala pakati pa akatundu, ndiye kuti sanali munthu wolimbirana mpando. Zinayamba kuoneka ku Giligala. Samueli anati dikira masiku 7, Afilisti asonkhana, asilikali ayamba kuthawa mmodzimmodzi, Sauli ataona kuti anthu akumuchokera anangotenga nsembe nkupereka yekha. Kenako nkhani ya Aamaleki mu chaputala 15, anauzidwa chochita momveka bwino koma anasunga mfumu Agagi ndi nkhosa ndi ng'ombe zonenepa, nkukadzimangira chipilala cha chikumbutso ku Karimeli, ndipo atakumana ndi Samueli anayamba ndi kunena kuti ndachita zonse zimene Yehova analamula. Samueli nkumufunsa kuti nanga kulira kwa nkhosa ndikumvaku nkwa chani. Tamvani mayankho ake. Poyamba anati ndi anthuwa anasunga. Kenako anati tinasungira nsembe. Atapanikizika ndi pomwe anaulula chenicheni, anati ndinaopa anthu ndipo ndinamvera mawu awo. Ndipo ngakhale pomwe ananena kuti ndachimwa, anapitiriza ndi pempho lakuti chonde mundilemekeze pamaso pa akulu a anthu anga. Ufumu ukumuchoka m'manja koma nkhawa yake ili poti anthu andiona bwanji.

Tsopano muike pambali pake Davide. Tikamayesa ndi maso athu, tchimo la Davide linali loopsa kuposa la Sauli, anatenga Batiseba, mkazi wa mwini, nkukonza zoti mwamuna wake Uriya, msilikali wake wokhulupirika, aphedwe kunkhondo, ndipo kalata yolamula imfayo anaipereka m'manja mwa Uriya yemweyo kuti akapereke kwa Yowabu, mkulu wa asilikali. Palibe chokometsera apa. Koma mneneri Natani atabwera nkumuloza chala kuti munthuyo ndinu, mfumu yomwe inali ndi mphamvu zonse zomutsekera pakamwa mneneriyo inangoti ndachimwira Yehova. Sanatchule Batiseba, sanatchule anthu, sanapemphe kuti nkhaniyi ithere m'chipinda. Salimo 51 ndi pemphero la nthawi imeneyo ndipo tikuliwerenga mpaka lero. Zotsatira zake sanazithawe, mwana amene anabereka ndi Batiseba anamwalira ndipo m'nyumba mwake munalowa lupanga monga Natani ananenera, koma Mulungu sanamutaye.

Ndiye mukandifunsa kuti chinthu chachikulu ndi chiti, ine ndinena kuti Mulungu amayang'ana kuti munthuyu amaopa ndani, ndipo akadzudzulidwa amatani. Mtsogoleri woopa anthu amasintha mawu malingana ndi amene ali m'chipindamo, sangauze wopereka kwambiri kuti apa mwalakwa, ndipo akalakwa yekha amafufuza womukankhira mlandu. Woopa Mulungu mutha kumukhazika pansi nkumuuza zowawa, zimupweteka inde, mwina akhala chete tsiku lonse, koma abwerera nkudzati munanena zoona.

Kuopa Mulungu kumeneku sikubisika, kumatulukira poyera makamaka pa ndalama. Yetero atapeza mkamwini wake Mose akuweruza milandu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo anamuuza kuti ulema nazo izi, paja mutu umodzi susenza denga, ndipo pa Eksodo 18:21 anamupatsa muyezo wa anthu oti amuthandize: amuna otha ntchito, oopa Mulungu, okhulupirika, odana ndi phindu lachinyengo. Onani kuti kutha ntchito kulipo, sikuti Mulungu amakonda zinthu zosalongosoka, koma zinazo zonse ndi za khalidwe. Nehemiya ndiye amandikhudza kwambiri. Ambiri timamudziwa pa linga la Yerusalemu lomwe linatha m'masiku 52, koma werengani chaputala 5. Anakhala bwanamkubwa zaka 12 osalandira chakudya chomwe udindo wake umamuyenereza, pomwe omwe analipo iye asanabwere ankalemetsa anthu ndi misonkho, ndipo patebulo pake pankadya anthu 150 osawerengera alendo ochokera ku mitundu ina. Chifukwa chake akuchinena yekha pa vesi 15, akuti sindinachite zimenezo chifukwa choopa Mulungu. Panalibe komiti yomuyang'anira, lamulo limamulola kutenga, koma anaona kuti anthu alemedwa kale.

Chinanso chomwe sitimachikamba kwambiri ndi nsanje. Sauli anayamba kumuyang'ana Davide ndi diso loipa tsiku lomwe azimayi anaimba kuti Sauli wapha zikwi koma Davide zikwi makumi. Pomwe Mose, pa Numeri 11, Elidadi ndi Medadi atayamba kunenera mumsasa Yoswa anati mbuyanga aletseni, Mose nkumufunsa kuti kodi ukuchita nsanje chifukwa cha ine, ndikanakonda anthu onse a Yehova akanakhala aneneri. Ndatchula izi dala chifukwa mu imelo yanu mwagwiritsa ntchito mawu oti kupikisana, ndipo andidetsa nkhawa pang'ono. Yakobo ndi Yohane atapempha mipando ya kumanja ndi kumanzere, Yesu anauza onse 12 kuti olamulira a mitundu amapondereza anthu awo koma pakati panu zisatero, wofuna kukhala wamkulu akhale wotumikira. Ngati mnzanuyo atasankhidwa inu nkutsala, kodi mudzatha kumuthandiza ndi mtima wonse? Yankho la funso limeneli likuuzani zambiri za mtima wanu kuposa zotsatira za voti.

Tibwere ku zomwe zikukuvutitsani zenizeni. Tsegulani 1 Timoteo 3 ndi Tito 1, muwerenge mofatsa mndandanda wa Paulo. Wopanda chomunenera, mwamuna wa mkazi mmodzi, wodziletsa, wochereza alendo, wosaledzera, wosamenya anthu, wofatsa, wosakangana, wosakonda ndalama, woyendetsa bwino nyumba yake. Za digiri mulibe, za mawu okoma pa maiki mulibe. Petro ndi Yohane akuluakulu a Ayuda anawaona kuti ndi anthu wamba osaphunzira, Paulo anaphunzira pa mapazi a Gamaliyeli, Mulungu anagwiritsa ntchito onse. Koma sindikufuna ndikunamizeni, luso limodzi lilipo pamndandandapo, akuti akhale wotha kuphunzitsa, ndipo kwa Tito akuwonjezera kuti agwiritse mawu oona kuti athe kulimbikitsa ena ndi kutsutsa otsutsa. Kuphunzitsa si kukuwa kutsogolo. Ngati mutha kukhala pansi ndi mnyamata amene wasokonezeka nkumutsegulira Baibulo mpaka amve, mukuphunzitsa. Ngati Baibulo simulidziwa bwino, imeneyo ndi ntchito yoti muyambe lero, kaya musankhidwa kaya ayi.

Za mowa, Paulo akunena za mmene munthu alili panopa, sakuti amene sanalawepo chibadwire. Iye mwini m'kalata yomweyo ya 1 Timoteo akudzitchula kuti kale anali wonyoza Mulungu ndi wozunza mpingo. Koma pali mavesi awiri mu 1 Timoteo 3 omwe muyenera kudziyesa nawo mosadzinyengerera. Vesi 6 ikuti asakhale wongotembenuka kumene, kuopa kuti angadzitukumule. Vesi 7 ikuti akhale ndi mbiri yabwino kwa anthu akunja. Simunandiuze kuti munasiya liti. Ngati ndi chaka chatha chomwechi, ine ndingati dikirani kaye, udindo umabwera ndi zopsinja zomwe zimatha kumubwezera munthu komwe anachokera, ndipo kudikira si manyazi, Mose anakhala zaka 40 ku Midiyani akuweta nkhosa za apongozi ake. Koma ngati papita nthawi, anzanu omwe munkamwa nawo aja akudziwa kuti uyu anasinthadi, ngongole za nthawi imeneyo munabweza, omwe munawalakwira munakawapepesa, ndiye mbiri imeneyo isakumangeni miyendo. Mwinanso ndi inu amene bambo wina amene akulimbana ndi botolo mumpingomo angamasuke kukuuzani.

Nanga mukane? Apa ndikupemphani musamale, chifukwa kukana nako kumatha kuchokera ku mantha omwe aja a Sauli, kuopa kuti anthu anena chani, andiseka ndikalakwitsa kuwerenga, akumbutsana zakale. Mose pa chitsamba choyaka moto anadandaula kuti sadziwa kulankhula, Mulungu anamuyankha moleza kuti anapanga pakamwa pa munthu ndani, koma atafika ponena kuti tumani wina, Eksodo 4:14 ikuti mkwiyo wa Yehova unamuyakira. Ndiye dzifunseni kuti mukufuna kukana chifukwa mwaona chinthu chenicheni chomwe sichinakonzeke m'moyo mwanu, kapena mukungoopa maso a anthu.

Musanapereke yankho ku komiti, khalani pansi ndi akazi anu muwafunse mosabisa ngati akuona kuti ndinu munthu woti nkudzudzulika, ndipo muwalole amalize kulankhula osawadula. Ngati muli ndi ana okulirapo afunseninso. Kenako pezani mkulu mmodzi mumpingomo amene anakudziwani nthawi ya mowa ija ndipo sachita nanu manyazi, muwerenge naye 1 Timoteo 3 mzere ndi mzere, azikuuzani pomwe mwakwana ndi pomwe simunakwane. Akakuuzani kuti dikirani, dikirani. Akakuuzani kuti palibe chokuletsani, lolani dzina lanu likhalepo, ndipo mudzandilemberenso kuti ndidziwe mmene zayendera, ine ndikhala ndikukupemphererani.