Tichoke pa lendi tigule yathu? Loya akuyankha

Zikomo mayi polemba. Mwati mwakhala pa lendi zaka 6, tsopano wina akugulitsa nyumba motchipa ndipo amuna anu akufuna kukakongola kubanki, koma wogulitsayo ali ndi kalata yogulira yokha basi.

Musaipeputse lendi. Mgwirizano wanu ndi eni nyumba umamanga mbali zonse ziwiri, makamaka ukakhala wolembedwa. M'maiko ambiri landilodi sangakutulutseni popanda notisi, ndipo kuzula chitseko kapena kutaya katundu wanu panja khoti lisanalamule n'kuphwanya lamulo. Denga likamadontha, kawirikawiri wokonzetsa ndi iyeyo. Kuipa kwa lendi mukukudziwa kale: ndalama imangopita, ndipo mgwirizano ukatha landilodi akhoza kukweza lendi kapena kuitenga nyumba yake.

Chondidetsa nkhawa ine ndi kalata ija. Kalata yogulira imangosonyeza kuti wina analipira mnzake. Siitsimikiza kuti wolandira ndalamayo anali mwini weniweni. Munthu sangakupatseni umwini umene iye alibe. Choncho musanapereke ngakhale dipoziti, pemphani chikalata cha umwini, kenako mupite ku ofesi yosunga kaundula wa malo mukafufuze: nyumbayo ili m'dzina la yani, kodi sinapinyolitsidwe kale, kodi palibe woletsa kuti igulitsidwe. Ngati ndi chuma cha masiye, wogulitsayo aonetse zikalata za khoti zomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Ndaonapo banja litagula nyumba n'kuikonza bwinobwino, kenako ana a malemu n'kutulukira ndi mlandu. Zinandipweteka mtima, chifukwa kufufuzako kukanawapulumutsa.

Ndipotu banki nayonso kawirikawiri imafuna chikalata cha umwini, popeza nyumbayo ndiye chikole. Mukalephera kubweza, ili ndi mphamvu yoigulitsa, ndipo ndalama yogulitsira ikaperewera, m'maiko ambiri yotsalayo imakhalabe ngongole yanu. Funsani ngati chiwongoladzanja chimasintha. Muwerengerenso msonkho wosinthira umwini, malipiro a loya ndi zokonzetsa, zimene tsopano zidzakhala pamutu panu.

Zikalata zikapezeka zili bwino, gulani, ndipo ine ndingakondwe nanu. Koma ngati nanunso mukusonkherapo, dzina lanu lilembedwe pa chikalata cha umwini limodzi ndi la amuna anu, ndipo nonse mulembe wilo. Wogulitsayo akakana zofufuza kapena akamakufulumizitsani, musiyeni. Pitirizani lendi, ndipo mupemphe eni nyumba mgwirizano wolembedwa wotchula nthawi ya notisi ndi m'mene dipoziti idzabwerere.