Ufulu wa msikawo ndi wa mwini sikelo

Achimwene amene mukuti boma lichotse dzanja pa malonda, msika uziyenda wokha, munayamba mwaimapo kutsogolo kwa sikelo ya venda mwana akudikira fizi kunyumba? Mayi wina wafunsa mmene angagulitsire mbewu zake osaberedwa, koma ndemanga zanuzo zandiwiritsa mtima.

Nandolo wa 2017 sindidzamuiwala. Zaka zam'mbuyo mwake mtengo unali wabwino, tonse kuno ku Namwera tinathamangira kudzala, ena mpaka kuchepetsa munda wa chimanga. Ndiye mu Ogasiti dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wambiri, linaika malire akuti kwawoko kuzilowa matani 200,000 okha pa chaka. Ogulawo anatchinjiriza alimi awo ndi lamulo, ife tinasiyidwa pamtetete.

Ndinakweza matumba pa kabaza kupita pa trading. Venda wapachika sikelo yake pa nthambi ya mango, chidindo cha Malawi Bureau of Standards palibe. Thumba loti ndalithira ndekha, ndikudziwa kuti ndi makilogalamu 50, singano ikuima pa 43. Ndikuti tiyezenso, kamnyamata kake kakuchirikiza thumba ndi bondo, ine ndikuona ndi maso angawa. Ndikulankhula, iye akuti, “Mayi, ngati simukufuna nyamulani, mukayese kutsogoloko.” Kutsogolo kwake kuti? Mzere wonse mtengo unali umodzi, ndipo madzulo matumba onse ankakwera lole imodzi. Kenako watapa nandolo m'manja, waluma kambewu kamodzi, akuti ndi wosauma, achotsanso makilo ena. Nandolo woti wakhala pa mphasa dzuwa la Seputembala! Wakabaza waima pambali akufuna yake, kubwerera nawo kunyumba ndiye kulipiranso kachiwiri. Ndinalandira ndalamazo manja akunjenjemera, kuwerenga, kubwerezanso, sizikukwana ngakhale fizi ya teremu imodzi. Mwiniwake nthawi imeneyo akuseka pa foni, sakundiyang'ana n'komwe.

Anthu amenewa alibe chisoni, ndikukuuzani. Sanagwirepo khasu, sadziwa kuti kupuntha nandolo kumayabwa bwanji, koma galimoto amagula ndi iwo. Ndiye wina abwere pano aziti wogula ndi wogulitsa amagwirizana mwaufulu. Ufulu ndi wa amene angathe kukana n'kuchokapo. Ine sindikanatha.

Makolo athu ankagulitsa ku ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi mu 1987. Kutsegulako sindikukutsutsa, koma anatsegula chitseko osaika mlonda. Mukafuna kuona mathero a “aliyense achite zake”, pitani ku Malombe mukafunse akuluakulu chambo chinkaphedwa chochuluka bwanji kale, n'kuona kambuzi amene akuuma pa thandala lero. Aliyense ankaponya khoka mmene wafunira, mpaka mu 1993 anachita kuyambitsa makomiti a m'madoko nsomba zitatha kale. Ngakhale pa nyanja yaikuluyi amatseka mu Novembala ndi Disembala kuti nsomba ziswane. Limenelo si lamulo? Nanga bwanji simukuti lichoke?

Kwa mayi mwafunsanu, langizo langa ndi ili: musakhulupirire mitengo imene a Unduna wa Zamalimidwe amalengeza pa wailesi. Ikumveka bwino, koma pansi pa mango paja venda amakuuzani kuti kagulitseni kwa wailesiyo. Komanso boma likangolowerera kwambiri timalira ndife tomwe. Akaletsa chimanga kutuluka m'dziko, mtengo umagwa, ogula a ku Mandimba, ku Mozambique, amene akanatipatsa yabwino pa Chiponde sabwera. Atisiye tigulitse komwe tafuna.

Sonkhanani anthu khumi kaya makumi awiri, mugule sikelo yanu, muyeze kunyumba n'kulemba pa thumba. Muzipita limodzi, bondo lija silimayandikira pakakhala khamu. Ngati mungathe kusunga, thirani mankhwala mudikire miyezi ya njala. Ine mpaka pano ndimagulitsabe kwa mavenda omwewo chifukwa amalipira pompopompo, za kubwera mawa palibe. Koma musatume mwana yekha pa sikelo.