Kwa mayi amene tulo timawagwira masana ku ofesi

Mayi, mwanena kuti mumakhala pampando tsiku lonse mu ofesi ya ku Cairo Road, kuti ikakwana 2 koloko masana tulo timakugwirani ndipo mapewa amauma, komanso kuti mumafika ku Chilenje kutada kale moti nthawi yolimbitsa thupi mulibe. Ndikukulangizani kuti muyese qigong yoimirira, chifukwa sifuna zovala zapadera kapena malo aakulu.

Qigong ndi masewera akale a ku China ophatikiza kuyendetsa thupi pang'onopang'ono, kupuma mozama ndi kukhazika mtima pansi. Mtundu wodziwika kwambiri ndi Baduanjin, umene uli ndi zigawo 8 ndipo unkatchulidwa kale m'mabuku a nthawi ya mafumu a Song, amene analamulira kuyambira mu 960 mpaka mu 1279. Musathamangire kuphunzira zigawo zonsezi.

Yambani ndi kuima chabe, kumene eni ake amati zhan zhuang. Vulani nsapato zazitali, tangadzani miyendo molingana ndi mapewa, pindani mawondo pang'ono, ndipo ikani mikono patsogolo pa chifuwa ngati mwakumbatira thunthu la mtengo waukulu. Mapewa agwere pansi okha. Kokani mpweya ndi mphuno mpaka mimba ifufume, kenako muutulutse mosafulumira, nthawi yotulutsa ikhale yaitali kuposa yokoka, pakuti kupuma kotereku n'kumene kumachititsa kuti mtima ugunde modekha. Mphindi ziwiri kapena zitatu n'zokwanira poyamba. Ntchafu zikayamba kunjenjemera musachite mantha, ingowongolani mawondo pang'ono. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amanyonyomala kwambiri pofuna kumva kuti agwira ntchito, ndiye amachokapo atatopa kuposa mmene analili.

Kenako lukanitsani zala za manja onse, kwezani mikono pamwamba pa mutu zikhatho zitayang'ana kudenga ngati mukuchirikiza thambo, ndipo muitsitse m'mbali mukutulutsa mpweya. Chimenechi ndi chigawo choyamba cha Baduanjin, ndipo ndimachikonda kwambiri chifukwa chimatambasula chifuwa ndi msana zimene zakhala zitapindika pa kompyuta kwa maola ambiri. Bwerezani ka 6. Malizani ndi chigawo chomaliza, chokweza zidendene n'kuzitsitsa pansi mofatsa ka 7.

Zonsezi zimatha m'mphindi zisanu. Chitani cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndiponso masana pakapita theka la ola mutadya nsima. Kukatentha ngati mu October, imani pamthunzi ndipo mukhale ndi madzi pafupi.

Ngati muli ndi BP, vuto la mawondo, kapena ndinu woyembekezera, funsani kaye a dokotala, ndipo mukamva chizungulire khalani pansi nthawi yomweyo. Kutopako kukapitirira kwa milungu ingapo ngakhale mukugona bwino, chonde pitani ku kiliniki akakupimeni magazi ndi shuga.