Bismarck ili pamwamba pa kabati: yankho kwa achimwene a ku Area 25

Kalata iyi inafika Lachiwiri usiku, ndipo ndinaiwerenga katatu ndisanagone. Achimwene ena a ku Area 25 akuti alamu awo anawabweretsera bokosi la zidutswa za pulasitiki zomangira kasitima kofanizira sitima ya nkhondo ya Ajeremani ya Bismarck kuchokera ku Johannesburg, la kampani ya Tamiya, la muyeso wa 1/350, kutanthauza kuti kutalika kwa sitima yeniyeniyo anakuchepetsa ka 350. Latha chaka ndi miyezi inayi lili pamwamba pa kabati. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndidikire mpaka nditapeza airbrush ndi penti yeniyeni, kapena ndiyambe ndi zomwe ndili nazo? Ndikuopa kuiononga, chifukwa ina sindidzaipezanso."

Achimwene, mawu anu omalizawo andilasa mtima, chifukwa ndi omwewo amene ine ndinkadziuza kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiye mundipirire, ndiyambe ndi zanga.

Chinali chaka cha 2009. Mzungu wina wa ku Area 43 ankabwerera kwawo ndipo anayala katundu pakhonde kuti agulitse: mapoto, mabuku, njinga ya mwana, firiji. Pansi pa thebulo panali kabokosi kotuwa ka Airfix, pamwamba pake atajambulapo sitima ikung'amba mafunde. HMS Hood, sitima ya nkhondo ya Angerezi, ya 1/600. Ndinapereka ndalama imene ndinkasungira nsapato, n'kukwera minibasi kubwerera ku Kawale bokosilo nditalikumbatira pachifuwa, kuopa kuti kondakitala angalikanikize ndi matumba a anthu. Nyumba yomwe ndinkachita lendi inalibe siling'i. Ndinaliika pamwamba penipeni pa kabati, pafupi ndi malata, kuti ana a pa mpanda asalifikire. Ndiye ndinayamba kudikira guluu weniweni ndi penti yeniyeni. Ndinkadikiranso tsiku lomwe ndidzakhale ndi thebulo langalanga, osati lodyerapo.

Nthawi imeneyo amalume anga ankabwera kuno ku Lilongwe kawirikawiri kudzaonana ndi adokotala, ndipo ankagona kwa ine. Pa unyamata wawo anagwirako ntchito pa Ilala, kuchipinda cha injini, ndipo khutu lawo limodzi silinkamvanso bwino chifukwa cha phokoso la kumeneko. Tsiku lina ndinawatsitsira bokosilo. Ndikuwaonabe mpaka lero, atakhala pa mpando wa ndalema, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, atagwira theka la thupi la sitimayo ndi zala zawo zokhakhala, akulitembenuza pang'onopang'ono ngati dzira. Anapeza nangula, kakang'ono kosakwana njere ya mpunga, n'kuseka mpaka kutsokomola. Kenaka anati, "Mphwanga, mukudziwa kuti Ilala nayonso inabwera chonchi? Zidutswazidutswa." Anandifotokozera kuti anaipanga ku Scotland mu 1949, n'kuiphwasula, kuinyamula pa nyanja yamchere mpaka ku Beira, kenaka pa njanji ndi pa msewu mpaka ku Chipoka, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Patapita nthawi ndinadzawerenga kuti Hood nayonso anaipangira m'mbali mwa mtsinje womwewo wa Clyde. Ilala ndi yaitali mamita 52, Hood inali mamita 262. Amalume anawerengetsa ndi zala n'kunena kuti ndiye kuti ma Ilala asanu atandondozana. Anagwedeza mutu nthawi yaitali.

Ulendo uliwonse akabwera, asanavule n'komwe jekete, funso linali lomwelo: "Mphwanga, sitima ija mwamanga?" Ine yankho lomwelonso: "Ndikudikira penti, amalume." Anamwalira mu 2014.

Bokosilo ndinalitsegula ndi mtima womanga mu 2015. Zomwe ndinapezamo sindifuna kuti inu mudzazione. Kutentha kwa malata kwa miyezi ya October isanu ndi umodzi kunali kutapinda mbali imodzi ya thupi la sitimayo ngati nthochi. Kapepala ka mbendera, kaja timaviika m'madzi kuti zithunzi zake zimatike, kanali katachita chikasu ndi chinyontho cha dzinja. Pepala la malangizo mphemvu zinali zitadya ngodya yonse. Ndinkaopa kuiononga ndi manja anga, koma inaonongeka ili chikhalire, popanda woikhudza. Ndinaviika pulasitikiyo m'madzi otentha, kuiwongola pang'onopang'ono, kuimanga ndi timalabala usiku wonse. Inawongoka ndithu, koma kumphuno kwa sitimayo kunatsala kampata komwe sikanatsekeke bwino mpaka lero.

Choncho mukandifunsa ngati mudikire, ine ndikuti ayi, ndipo ndikunena mosanyengerera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choyamba chitani lero lomwe: tsitsani bokosilo pamwamba pa kabatipo.

Nkhani ya airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, ndiyo imandipweteka mutu kwambiri, ndipo ndikudziwa komwe imachokera. Timaonera pa YouTube anthu a ku Ulaya ndi ku Japan ali m'zipinda zoyera, mabotolo a penti mazanamazana atafola pakhoma, makina opopera mpweya akulira pansi pa thebulo, ndiye timayamba kuganiza kuti popanda zimenezo munthu usayerekeze. Limenelo ndi bodza, ndipo latilanda anthu ambiri amene akanakhala amisiri abwino. Iwo aja sitolo ya zinthu zimenezi ali nayo kuseri kwa nyumba. Ife kuno kabotolo kamodzi ka penti kamadikira m'bale wochokera ku Joni, kapena kuitanitsa pa intaneti ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene ankasunga ndalama ya airbrush anadzuka m'mawa n'kupeza kuti airbrush ija yamuthawira kutali. Ndipo muganizirenso: makina opopera mpweya aja amafuna magetsi. Bulashi sifuna magetsi. Theka la Hood yanga ndinapenta masana pakhonde, magetsi atazima tsiku lonse.

Komanso tisaiwale kwathu. Tonsefe tinakula tikupinda galimoto za waya. Mwana wa zaka khumi ku Mchesi kapena ku Biwi amatola waya, zitsekerero za mabotolo ndi mphira wa chubu, n'kupanga lole yokhala ndi chiwongolero chokhota mawilo ndithu. Palibe pepala la malangizo, palibe womuuza kuti adikire zipangizo. Manja amenewo ndi omwe muli nawo inu. Bokosi la Tamiya n'losavuta kuposa lole ya waya, chifukwa zidutswa anakuumbirani kale ndipo zimalowana bwino.

Simunanene m'kalata yanu, koma ndikuganiza kuti pali chinanso chomwe chikukugwirani dzanja, chifukwa chinandigwirapo ine. Ndi mawu aja akuti, "Bambo wamkulu ngati inu mukuseweretsa zidole?" Ndinawamvapo kwa anansi, kwa anzanga a kuntchito, ngakhale kwa abale. Poyamba ndinkabisa. Lero sindibisanso, ndipo sindivomera kuti ndi chidole. Pa 24 May 1941, Hood inakumana ndi Bismarck yanuyo pakati pa Greenland ndi Iceland. Chipolopolo cha Bismarck chinafika mosungira onga mwa Hood, sitima yonse inaphulika n'kumira m'mphindi zochepa. Munali anthu 1,418. Anapulumuka atatu okha. Pamene ndinkamata timabwato topulumukira pa Hood yanga, kamodzikamodzi ndi kachitsulo kozulira nsidze ka mayi a kunyumba, ndinaima kaye, chifukwa ndinazindikira kuti timabwato timeneti palibe amene anapeza mpata wotitsitsa. Patangopita masiku atatu, pa 27 May, Bismarck nayo inamizidwa, ndipo anthu oposa 2,000 anafera momwemo, ambiri anali anyamata ang'onoang'ono. Munthu ukatha miyezi itatu ukugwira khomo lililonse ndi makwerero aliwonse a sitima yotere, nkhondo umaiona mwa mtundu wina. Sungaikonde ayi. N'chifukwa chake ine chizindikiro cha chipani cha Hitler sindijambula pa sitima iliyonse yolowa m'nyumba mwanga, ngakhale ena amati mbiri imafuna choncho. Ana anga amadyera nsima m'chipinda chomwecho.

Ena amati nanga ife a dziko lopanda nyanja yamchere, za sitima za nkhondo zikutikhudza bwanji? Apite ku Mangochi. Pafupi ndi nsanja ya wotchi, m'mbali mwa mlatho wa pa Shire, pali mfuti yochokera pa sitima ya Angerezi ya Gwendolen. Mu August 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitima imeneyi motsogozedwa ndi Captain Rhoades inapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Zimenezi zinachitika pa nyanja yathu yomweyi, yomwe timadyako chambo. Ine loto langa ndi lakuti tsiku lina ndidzapange Gwendolen ndi manja anga kuchokera ku mapepala a pulasitiki, popanda bokosi, kenaka Ilala ya amalume. Pa muyeso wa 1/350 Ilala ingatalike masentimita 15 okha, pamene Bismarck yanu, yomwe inali mamita 251, idzakwana pafupifupi masentimita 72. Muyambiretu kuganiza poiika.

Tsono za Bismarck yanuyo

Musadule chilichonse tsiku loyamba. Tsukani mafulemu onse a pulasitiki, aja ogwira zidutswa, m'beseni la madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, chifukwa amabwera ndi timafuta ta ku fakitale tomwe timakaniza penti kugwira. Yanikani pamthunzi, osati padzuwa. Podula zidutswa, chowengera zala chimagwira ntchito bwino lomwe. Osathyola ndi manja. Potsalira mupale ndi lezala ndi kathabwa kaja amayi amapalira zikhadabo. Dulani chidutswa chokhacho chomwe mukumata nthawi imeneyo, chifukwa nambala yake ili pa fulemu, ndipo mukachichotsapo simudzachizindikiranso.

Chinthu chimodzi chokha chomwe ndikuti muitanitse kwa alamu anu ndi guluu wa pulasitiki, wa Tamiya kapena wa Revell. Ameneyu amasungunula pang'ono mbali ziwirizo n'kuzisandutsa chinthu chimodzi. Super glue wa pa msika amagwira, koma sapereka mpata wosuntha chidutswa, ndipo amasiya nkhungu yoyera. Ngati ndi yekhayo amene muli naye, donthezani pa chitsekerero cha botolo n'kumatapa ndi kamtengo kotokosera m'mano. Mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo asayandikire, amadya pulasitiki.

Penti mukufuna mitundu yochepa: yotuwa, yofiirira ya pansi pa madzi, yakuda, ndi ya mtundu wa thabwa ya pa deki. Mizere yakuda ndi yoyera ija mumaiona m'zithunzi m'mbali mwa sitimayi musavutike nayo, anaifuta ndi penti yotuwa ku Norway isanapite kokamenyana ndi Hood. Gulani ya acrylic, muisungunule mpaka ikhale ngati mkaka, mupake katatu mopyapyala m'malo mwa kamodzi mokhuthala. Yesani kaye m'kati mwa thupi la sitimayo momwe simudzaoneka. Mukapaka, vundikirani ndi katoni nthawi yomweyo, chifukwa fumbi la ku Area 25 mu September silichedwa, ndipo likagwera pa penti yaiwisi silichokanso.

Zingwe za pa milongoti zisakuopseni. Dulani kamtengo ka fulemu yotsala, kazungulizeni pamwamba pa kandulo mpaka kafewe, kachotseni pamotopo n'kukoka mbali zonse ziwiri. Kamatuluka ulusi woonda ngati tsitsi. Koyamba kadzaduka, kachiwirinso, koma mafulemu otsala mudzakhala nawo ambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukafika pa ziwongolero ziwiri za kumbuyo kuja, muzigwire mwaulemu. Pamenepo ndi pomwe bomba la m'madzi lochokera ku kandege ka Angerezi ka Swordfish linamenya madzulo a pa 26 May, sitima yonseyo n'kulephera kuwongoka kuthawira ku France.

Loweruka likubwerali mumate nsanja zinayi zokha za mfuti zikuluzikulu, zotchedwa Anton, Bruno, Caesar ndi Dora, basi. Mukatero munditumizire chithunzi, ngakhale guluu atatayikira pena. Ine ndidzakutumizirani cha Hood yanga, kumphuno kuja komwe kuli kampata. Ili pa shelefu ya pabalaza, pafupi ndi chithunzi cha amalume ataima pa doko la Monkey Bay.