Kodi "aphorism" ndi mwambi?

Funso: Ndinapeza mawu oti "aphorism" m'buku la Chingerezi, mnzanga n'kundiuza kuti ndi mwambi basi. Akunena zoona? Nanga mawuwa anachokera kuti? Ndine wophunzira wa Fomu 4 ku Dedza.

Yankho: Mwandikanda poyabwa, mwanawe. Mnzanuyo wayandikira, koma sanafike.

Angerezi anachita kubwereka mawuwa. Eni ake ndi Agiriki, amene ankati aphorismos, ndipo muzu wake ndi horos, kutanthauza malire. Ku Athens ankaimika miyala m'malire, ndipo wina wa pabwalo la msika ulipo mpaka lero, wolembedwa ngati ukudziyankhulira wokha kuti ndiwo malire a bwalolo. Ndikamva zimenezi ndimaona agogo anga atagwada m'mphepete mwa munda wathu, akubzala timitengo ta nkhadze, kuti aliyense adziwe polekezera khasu. Mneni wochokera ku horos ndi aphorizein, kudula malire kapena kupatula. Mukatsegula Aroma 1:1, pamene Paulo akudzitchula wopatulidwa, mneni wa Chigiriki ndi womwewu. Ulinso pa Mateyu 25:32, polekanitsa nkhosa ndi mbuzi.

Ndiye aphorism ndi ganizo lodulidwa malire, lalifupi, loima palokha. Amene anatchukitsa dzinali ndi Hippocrates, sing'anga wa pachilumba cha Kos, wobadwa cha m'ma 460 Yesu asanabadwe. Malangizo aafupiafupi a zamankhwala otchedwa ndi dzina lake amayamba ndi kunena kuti moyo ndi waufupi, koma luso ndi lalitali.

Apa m'pamene mwambi ndi aphorism zikusiyana. Mwambi ulibe mwini, n'chifukwa chake timayamba ndi "akuluakulu amati". Umabisanso nkhani m'chithunzi: "chala chimodzi sichiswa nsabwe" sukunena za nsabwe. Aphorism ili ndi mwini wodziwika, ndipo kawirikawiri imalasa pomwepo osazungulira.

Zimandiwawa kumva pa wailesi wina akutola chiganizo cha munthu wotchuka pa Facebook n'kunena kuti "mwambi wa lero". Mwambi si wadzulodzulo. Umayenda m'kamwa mwa mibadwo mpaka mwini wake kuiwalika. Tikamatcha chilichonse mwambi, ana athu adzasiyanitsa bwanji mwambi, chining'a ndi ndagi?

Ena ayamba kulemba "aforizimu". Ine ndikukana, chifukwa Chichewa sichinasowe. Nenani kuti "mawu anzeru a Hippocrates", ndipo dzina la mwini wake musalisiye.